Mawu amene tinakula nawo akayamba kupweteka

Pa msonkhano wina wokonza mawu a m'mabuku a ana, tinatha m'mawa wonse tili pa ciganizo cimodzi. Tinkamasulira kankhani ka kalasi yacitatu, ndipo m'Cipwitikizi munali mawu akuti "menino com deficiência". Bambo wina amene waphunzitsa zaka zambiri anapita pa bolodi n'kulemba kuti "mwana wopunduka". Mayi wina wacitsikana, amene wangoyamba kumene uphunzitsi, anakweza mkono.

"Pepani bambo, mawu amenewo masiku ano anasiyidwa. Pa wailesi akumati mwana waulumali."

Bambo aja anaika coko pansi. "Mayi, mlongo wanga weniweni anadwala poliyo ali mwana. Kwathu takhala tikunena kuti ndi wopunduka zaka zonsezi, ndipo ndine ndinkamubereka popita ku chalichi. Ndiye lero mukuti ndakhala ndikumutukwana?"

M'cipinda munangoti zii. Pa awiriwa panalibe wonama. Bambo aja sananyozepo mlongo wawo, ndipo mayi aja ankanena zoona kuti anthu ambiri aulumali sakufunanso kuchulidwa opunduka.

Mkangano wotere ukumveka m'misonkhano ya ZIP, m'mipingo ndi pa wailesi. Ena akuti anthu a masiku ano angokhala a mtima wapacala, kalikonse n'kukhumudwa nako. Ena akuti tinazolowera kupweteka anzathu osadziwa. Kwa ife ophunzitsa m'Cinyanja, nkhaniyi si yongocezera pansi pa mtengo. Mawa m'mawa tikaima pamaso pa ana n'kusankha liwu limodzi, ndipo pakati pawo pangakhale mwana amene liwulo likunena za iye. Tiyeni tione mmene liwu wamba limasandukira cipongwe, zimene otsutsa amanena, ndi zimene mphunzitsi angacite.

Mawu amasintha, ndipo si zacilendo

Tiyambe ndi mawu amene tonse timadziwa kuwawa kwake. M'nthawi ya atsamunda, lamulo linkagawa anthu a m'dziko muno m'magulu, ndipo makolo athu ambiri ankalembedwa kuti "indígena". Liwuli palokha limangotanthauza mbadwa, munthu wobadwira pamalopo. Koma cifukwa linkayenda pamodzi ndi cibalo, msonkho ndi sukulu zotsika, linada. Lamulo la "Estatuto dos Indígenas" linathetsedwa mu 1961, komabe mpaka lero munthu wa ku Mozambiki sakondwa kuchulidwa motero.

Cimodzimodzi liwu lakuti "dialecto". Kwa akatswiri a ziyankhulo, limanena za kalankhulidwe ka dera lina m'kati mwa ciyankhulo cimodzi, monga kusiyana kwa Cinyanja ca ku Angónia ndi ca m'mbali mwa nyanja ku Metangula. Koma aliyense amene analangidwapo ku sukulu cifukwa coti "walankhula dialecto" amadziwa cimene linkatanthauza: kuti Cipwitikizi ndico ciyankhulo, zathuzi n'zosakwanira. Malamulo aakulu a dziko a 2004, m'ndime 9, amazichula "línguas nacionais". Mphunzitsi wa pulogalamu yathu akamva kholo likunena kuti "mukuphunzitsa ana dialecto", amalikonza mwaulemu. Potero wavomereza kale kuti liwu lozolowereka likhoza kucepetsa munthu ngakhale wolinenayo alibe mtima woipa.

Maina a mitundu nawo adutsa njira yomweyi. Alomwe amene anacoka kuno kukagwira nchito m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo ankachulidwa "Anguru", ngakhale m'makalata a boma la Nyasaland. Eni akewo analikana dzinali. Mu 1943 anakhazikitsa bungwe lawo motsogozedwa ndi Lewis Bandawe, ndipo boma linasiya kuwalemba motero. Kuno kwathu, amene anakhalako ku Maputo amadziwa mmene liwu lakuti "xingondo" limabayira munthu wocokera kumpoto.

Pa nkhani za matenda ndi ulumali zitsanzo n'zambiri. Cibadwa cimene dokotala John Langdon Down anafotokoza mu 1866 cinkachulidwa "mongolismo" kwa zaka pafupifupi 100. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linasiya dzinali mu 1965 dziko la Mongolia litadandaula, ndipo lero timati "síndrome de Down". Ku Brazil, lamulo la mu 1995 linacotsa liwu lakuti "lepra" m'makalata a boma n'kuikapo "hanseníase", cifukwa dzina lakalelo linkacititsa odwala khate kubisala m'malo mopita ku cipatala.

Ngakhale malamulo athu aakulu akusonyeza kusinthaku. M'ndime 37 ndi 125 muli mawu akuti "portadores de deficiência", amene mu 2004 anali aulemu. Mu 2006 bungwe la United Nations linavomereza pangano la ufulu wa anthu aulumali, limene Mozambiki anasainira kwathunthu mu 2012, ndipo lamulo lathu la mu 2024 likunena "pessoa com deficiência". Eni ake anati ulumali si katundu wonyamula woti madzulo n'kutula. Ku Malawi nako, bungwe la boma la MACOHA linasintha dzina mu 2024 kukhala MACODA pofuna kucotsa liwu lakale la Cingerezi.

M'zitsanzo zonsezi muli cinthu cimodzi. Amene ankagwiritsa nchito liwulo sankaona vuto. Vuto linkaonedwa ndi amene ankachulidwa, kapena amene anali nawo pafupi.

Cimapweteka n'ciyani kwenikweni?

Tikamvetsera m'makalasi ndi pa bwalo la masewera, tikuona njira zisanu zimene liwu limapwetekera.

Yoyamba ndi pamene cilema calowa m'malo mwa dzina. Pamudzi mwana akhoza kufika zaka 10 anthu ambiri osadziwa dzina lake, akungoti "bubu wa kwa auje", "gonthi uja", "wakhunyu uja". Cinthu cimodzi ca m'thupi mwake cameza zina zonse, zoti amadziwa kuweta mbuzi, amakonda masamu, ndi mwana woyamba kwa amake. Mu 1983, ku Denver m'dziko la United States, anthu odwala Edzi, imene kuno timati SIDA, anasonkhana n'kulemba kuti asamachulidwe ngati ogonja kale ku matenda, koma anthu amene ali ndi matendawo. Kuika munthu patsogolo, vuto pambuyo, kunafalikira kwambiri kucokera nthawi imeneyo. N'cifukwa cake lero timati "munthu amene ali ndi kacilombo", "mwana wosamva", "mwana amene amadwala khunyu".

Yaciwiri ili m'galamala yathu yeniyeni, ndipo m'Cipwitikizi mulibe. Maina a anthu ambiri ali m'gulu la mu- ndi a-: mwana wabwera, ana abwera. Koma tamverani izi: "cidzete cabwera", "citsiru cija cagona". Mgwirizano wake ndi wa citseko, cingwe, cinthu. Munthu uja wacotsedwa pakati pa anthu n'kuikidwa pakati pa zinthu. Mwana aliyense wolankhula Cinyanja amamva kusiyana kwa "nkhalamba ija yafika" ndi "agogo aja afika", kapena kwa "munthu", "cimunthu" ndi "kamunthu". Tisafulumire kunena kuti gulu la dzina palokha ndilo cipongwe, pakuti "ciphadzuwa" ndi mawu oyamikira, ndipo timati "mfumu yathu" popanda kunyoza. Koma liwu lonena za vuto la munthu likakhala m'gulu la zinthu, limamutalikitsa kwa ife kawiri.

Yacitatu ndi kubwereka dzina la cilema kuti tikalipire nalo munthu amene alibe cilemaco. Mwana akapanda kuyankha timati "Ndiwe gonthi kodi?" Akagunda desiki timati "Ukuyenda ngati wakhungu." Akasokosa timati "Wamisala iwe." Wokalipidwayo amaiwala pofika madzulo. Amene saiwala ndi mwana wa kumbuyo uja amene amamvadi movutikira, cifukwa waphunzira kuti cimene iye ali ndico citukwano cimene aphunzitsi amasankha akapsa mtima. Umu ndi mmene liwu lakuti "wopunduka" linadera. M'nyumba ya bambo aja linali liwu lofotokoza basi, koma kunja anthu ena ankaligwiritsa nchito ponyoza, mpaka kumati "mutu wako ndi wopunduka". Liwu silikhala la banja limodzi. Limanyamula fungo la kulikonse kumene ladutsa.

Yacinayi ndi yoopsa kuposa zonse: liwu limene labisa cikhulupiriro. Cialubino ndi cibadwa cimene thupi silipanga mokwanira melanini, imene imadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Mwana amacitenga kwa makolo onse awiri, ngakhale onsewo ali akhungu lakuda, ndipo makolo otere pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi mwa 4 woti mwana abadwe wacialubino. Si temberero, sicipatsirana, ndipo si umboni woti mayi anayenda ndi mzungu. Koma dzina lakuti "mzungudala" limanena kuti mwanayo ndi wonamizira, si wathu weniweni. "Napweri" limapita pamodzi ndi kuseka ndi kulavula. Pambuyo pa mainawa pamabwera mphekesera zoti anthu otere samwalira koma amangosowa, ndi zoti mafupa awo amalemeretsa. Ca m'ma 2015, pamene kuba ndi kupha anthu acialubino kunakula ku Nampula, Zambézia, Niassa, Tete ndi ku Malawi, ena anayamba kuwakuwiza m'misewu kuti "ndalama" kapena "bolada". Mu 2016 Ikponwosa Ero, nthumwi ya United Nations pa nkhaniyi, anayendera maiko onse awiri cifukwa ca kukula kwa vutoli. Liwu silinaphe munthu, koma n'kosavuta kucita nkhanza kwa amene mudzi wonse wazolowera kumuchula ngati malonda.

Yacisanu ndi yakuti akunena ndani, kwa yani, pamaso pa yani. Cikhalidwe cathu cimadziwa bwino zimenezi. Asuwani amanyozana mpaka misozi ya cimwemwe, agogo amaseka mdzukulu wawo kuti "mwamuna wanga waulesi", ndipo palibe wokwiya, cifukwa winayo ali ndi ufulu wobwezera. Mphunzitsi ndi mwana si asuwani. Mwana sangabweze, ndipo dzina limene aphunzitsi anena kamodzi, kalasi yonse imalitola n'kupita nalo kumudzi. Ambiri a ife tikukumbukira mnzathu wina amene anachulidwa "burro" kapena "mbuli" m'kalasi yaciwiri, dzinalo n'kumukakamira mpaka anasiya sukulu.

Zimene otsutsa amanena

Amene akukayika kusinthaku si anthu ouma mtima, ndipo mfundo zawo n'zofunika kuzimva.

Ena amati zonsezi n'zobwera ndi mabungwe. Pali coonadi pamenepa. Mawu ngati "munthu waulumali" ndi "munthu wacialubino" anapangidwa potsatira makalata a Cingerezi ndi Cipwitikizi, ndipo ambiri amafika ku Angónia, Tsangano ndi Mecanhelas kudzera pa mawailesi a ku Malawi. Koma luso losankha mawu polemekeza munthu silinabwere pa galimoto. Pa maliro sitinena kuti "wafa", timati "watisiya" kapena "wamwalira". Mayi timati "ndi woyembekezera" kapena "ali ndi pakati". Mkamwini sachula dzina la apongozi ake. Wamkulu timamuchula ngati anthu ambiri, "abwera", "akudwala". Makolo athu anali akatswiri pozungulira liwu lobaya. Funso la lero ndi lakuti ulemu umene tinkasungira mafumu, apongozi ndi akufa, tingaupereke kodi kwa mwana wosamva?

Ena amati n'kutaya nthawi, cifukwa liwu latsopano nalo lidzada. M'Cipwitikizi tacoka pa "aleijado" kupita pa "deficiente", kenako "portador de deficiência", tsopano "pessoa com deficiência". M'Cinyanja tacoka pa "wopunduka" kupita pa "wolumala", tsopano "waulumali". Mu 1994 katswiri wa ziyankhulo Steven Pinker anayerekeza zimenezi ndi makina othamangirapo, pamene munthu amatuluka thukuta koma osasuntha. Ndi zoona kuti ngati mitima sinasinthe, liwu latsopano limatengera litsiro la lakale, ndipo m'masukulu ena ana ayamba kale kunyozana ndi liwu lakuti "alubino". Phunziro lake n'lakuti kusintha liwu kokha sikukwanira. Koma malaya nawo amadanso, ndipo palibe amene analeka kucapa pa cifukwa cimeneco.

Ena amati mawu okoma samanga njira ya njinga ya olumala. Kalembera wa mu 2017 anapeza anthu aulumali opitirira 700,000 m'dziko muno. Boma lili ndi ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2020 mpaka 2029, koma aphunzitsi mukudziwa kuti m'masukulu ambiri akumidzi mulibe mabuku a Braille, mulibe wodziwa ciyankhulo ca manja, ndipo cimbudzi n'cosalowereka kwa mwana wokwawa. Dandaulo limeneli ndi lolondola, ndipo tisalole kuti mawu atsopano akhale nsalu yophimbira kusowaku. Komabe pa zonse zimene mwanayo akusowa, dzina laulemu ndi cinthu cokhaco cimene mphunzitsi angapereke lero popanda kudikira metikali imodzi kucokera ku boma.

Ena amaopa kuti tiyamba kudula miyambi. Amafunsa kuti kodi "wamisala anaona nkhondo" tiziti ciyani? Yankho lathu n'lakuti miyambi isakhudzidwe, koma iphunzitsidwe. Mwambi umenewu umatiuza kuti munthu amene mudzi umamunyoza akhoza kuona coonadi cimene anzeru sanacione. Wina umati "mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo". Miyambi iwiriyi ili ku mbali ya wonyozedwayo. Ikusonyeza kuti makolo ankadziwa cizolowezi conyoza ndipo ankacidzudzula. Mwambi kapena nthano ikakhala yonyozadi, ana a kalasi yacisanu akhoza kukambirana cifukwa cake anthu akale ankaganiza motero ndi cimene tikudziwa lero.

Pali mfundo inanso imene mbali zonse ziwiri zimaiwala: eni ake sagwirizana pa liwu lililonse, ndipo si nthawi zonse pamene amafuna liwu lofewa. Bungwe la anthu osaona la ACAMO lili ndi liwu lakuti "cegos" m'dzina lake, ndipo la osamva la ASUMO lili ndi "surdos". Osamva ambiri amakana "surdo-mudo", cifukwa ali ndi ciyankhulo cawo ca manja, koma "surdo" amalinena monyadira. Conco mphunzitsi amene wangotenga mndandanda wa mawu ovomerezeka n'kumakonza nawo aliyense, ngakhale mwini wake wa ulumaliwo, nayenso waphonya.

Msampha wa m'kalasi ya ziyankhulo ziwiri

Kuyambira pa kuyesa kwa PEBIMO, kumene kunacitika mu 1993 mpaka 1997 m'Cinyanja ku Tete ndi m'Cichangana ku Gaza, mpaka pamene maphunziro a ziyankhulo ziwiri anayamba m'masukulu a boma mu 2003, colinga cakhala coti mwana aone kuti ciyankhulo ca amake cikhoza kunyamula nzeru za mtundu uliwonse. Apa ndi pamene nkhani ya mawu opweteka ikutikhudza mosiyana ndi aphunzitsi ena.

Ife tili ndi khomo lothawira. Liwu la Cinyanja likatiuma pakamwa, timalumphira ku Cipwitikizi: "Uyu ndi deficiente", "ali ndi epilepsia". Zimaoneka zaulemu cifukwa liwu lacilendo silibaya ngati la kwathu. Koma taganizani cimene mwana akuphunzira. Pa bwalo akumva "napweri" ndi "cidzete" m'Cinyanja, m'kalasi akumva mawu aulemu m'Cipwitikizi. Posakhalitsa aganiza kuti Cinyanja ndi cotukwanira, Cipwitikizi ndi colemekezera. Tikatero tabwezeretsa ndi manja athu maganizo a "dialecto" aja. Ndiponso liwu lacilendo silifika kumudzi. Agogo sadzanena "epilepsia", ndipo cikhulupiriro coti khunyu imapatsirana ukakhudza malovu a wodwala cidzakhalabe, anthu n'kumathawa mwana amene wagwa pafupi ndi moto m'malo momukoka.

Msampha womwewu umaoneka pa phunziro la thupi la munthu, koma mbali yake ndi ina. Apa vuto si liwu lozolowereka limene layamba kupweteka, koma liwu loletsedwa limene tsopano likufunika kunenedwa. Maina enieni a ziwalo zina amamveka ngati zolaula, makamaka pamaso pa anyamata ndi atsikana pamodzi, ndipo aphunzitsi ambiri amathamangira ku Cipwitikizi kapena kudumpha tsambalo. Koma Cinyanja cili ndi mawu aulemu omveka: malisece, ziwalo zobisika, kutha msinkhu, msambo. Mwana amene alibe liwu lililonse lochulira thupi lake sangathe kufotokoza kwa amake, kwa namwino kapena pa nambala ya 116 ya Linha Fala Criança pamene wina wamugwira posayenera. Conco muyeso si wakuti liwu likhale lofewa. Muyeso ndi wakuti limuteteze mwanayo ndi kumusiyira ulemu wake. Nthawi zina zimenezi zimafuna kusiya liwu, nthawi zina zimafuna kulimba mtima n'kulinena.

Mphunzitsi angacite ciyani?

Coyamba, itanani mwana ndi dzina lake. Nthawi zambiri sipafunika n'komwe kuchula ulumali wake. Pamene pafunika, monga polankhula ndi mphunzitsi mnzanu kapena polemba lipoti, nenani cimene mwanayo amacita kapena cimene akusowa: amamva pang'ono, amayenda ndi ndodo, amaona bwino akakhala pafupi ndi bolodi, amafuna nthawi yoculukirapo kuti amvetse. Mawu otere amauza womvayo cocita, pamene "cidzete" limangomuuza kuti asavutike naye.

Caciwiri, funsani eni ake. Pa mwana wamng'ono funsani makolo, pa wamkulupo mufunseni yekha pambali kuti amafuna anzake azinena bwanji ndipo ndi dzina liti limene limamupweteka. Ngati m'dera lanu muli gulu la anthu aulumali, aitaneni ku msonkhano wa ZIP. Iwo ndiwo akudziwa mawu amene akumveka bwino m'Cinyanja ca kwanuko, cimene cingasiyane ndi ca pa wailesi.

Cacitatu, dzimvetsereni nokha mukapsa mtima. Mawu oipa kwambiri m'kalasi satuluka pophunzitsa, amatuluka pokalipa. Dzudzulani cimene mwana wacita: "Sunamvetsere", "Nchito iyi sunaimalize". Musabwereke cilema ca wina.

Cacinayi, mwana akanena liwu lopweteka, kumbukirani kuti walitenga kunyumba, mwina kwa agogo amene amawakonda. Kumukwapula kapena kumucititsa manyazi kumangomuphunzitsa kuti asamalinene aphunzitsi ali pafupi. Muuzeni mwacidule kuti liwulo limapweteka, mupatseni lina, phunziro lipitirire. Nkhani yaitali ikambidwe tsiku lina, ndipo mwana waulumali amene ali m'kalasimo asasandutsidwe citsanzo coloza ndi cala.

Cacisanu, liwu latsopano lipite pamodzi ndi cidziwitso ndi zocita. Mukaphunzitsa kuti "mwana wacialubino", fotokozaninso za melanini, ndipo mwanayo akhale kutsogolo kumene kuwala sikumuthobwa m'maso, mumulembere zilembo zikuluzikulu, mumulole kuvala cipewa ndi malaya a manja aatali, ndipo asagwire nchito pa dzuwa la masana, pakuti khansa ya pakhungu ndiyo mdani wake wamkulu. Tsiku la 13 Juni, limene dziko lonse limakumbukira anthu acialubino kuyambira mu 2015, ndi mpata wabwino wokambirana zimenezi ndi sukulu yonse.

Cacisanu ndi cimodzi, musayende nokha. Pitani nayo nkhaniyi ku khonsolo ya sukulu, kumene kuli makolo, anyakwawa ndi atsogoleri a mipingo. Musapite ngati wokaweruza kalankhulidwe ka akulu. Yambani ndi miyambi yawo yomwe, ndipo afunseni mawu aulemu amene iwo akuwadziwa. Kawirikawiri amakhala nawo abwino kuposa athu a m'mabuku.

Tibwerere ku msonkhano uja. Titakambirana mpaka nthawi ya nsima, tinaona kuti ciganizo cija cinalakwika ngakhale m'Cipwitikizi momwe: ana ena onse a m'nkhaniyo anali ndi maina, kupatula iyeyo. Tinamupatsa dzina, ndipo pa mzere wotsatira tinalemba kuti amayenda ndi ndodo ziwiri cifukwa mwendo wake wina ndi wofooka. Mawu akuti "anthu aulumali" tinawaika m'buku la mphunzitsi, pamodzi ndi kufotokoza kwake. Potuluka, bambo aja anauza mayi aja kuti sakuonabe kuti analakwa, koma pali cinthu cimodzi cimene cawavuta mumtima: zaka zonsezi sanafunsepo mlongo wawo kuti iye amamva bwanji akamachulidwa motero. Anati akapita kumudzi pa chuthi akamufunsa.

Gulu lathu lofufuza likusonkhanitsa mawu otere kucokera m'madera onse olankhula Cinyanja. Tikupempha kuti m'cigawo cino ca sukulu mulembe mawu amene mukuwamva onena za ulumali, matenda, mitundu ya anthu ndi ziwalo za thupi. Pa liwu lililonse sonyezani amene amalinena, nthawi imene limanenedwa, ndi cimene eni ake akuuzani mutawafunsa. Musalembe maina a ana. Perekani zolembazo kwa wotsogolera ZIP yanu, ndipo zimene tipeze tidzazibweretsa kwa inu kuti tikambirane tisanaziike m'mabuku.